Lamya za Mdala Zadzuka ku Lichinga

Mu Lichinga muli nyumba ina yomwe mafoni ake akale ayambanso kulira, ndipo tauni yonse yatekeseka nayo nkhaniyi. Ndi imodzi mwa nyumba zikuluzikulu za pakati pa mzinda, zomangidwa malo ano akadatchedwa Vila Cabral, zija za khonde lalitali, chumuni chowothera moto mu June, ndi kanyumba ka antchito kuseri. Mwini wake ndi mdala wopuma pa ntchito ya boma. Dzina lake tilisunga, poti anthu odzasuzumira pageti amukwana kale.

Zomwe onse akugwirizana n'zochepa. Mwana wa mdalayu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anabwera kudzaona makolo atatenga kabokosi kokwana m'chikhatho. Mbali ina anakalumikiza ku rauta ya intaneti, mbali ina ku soketi ya foni ya pakhoma yomwe inali itakwiririka ndi penti. Madzulo ake foni ya pabalaza, ya kuchipinda kwa mdala, ya m'kakhonde ndi ya kukanyumba ka kuseri zinalira zonse nthawi imodzi. Kuchokera pamenepo aliyense ali nayo yakeyake.

Amayi ogulitsa nyemba ndi mbatatesi pamsika wa Chiuaula ndiwo anayamba. Ati mtsikana wantchito atamva belu lija anasiya chipande mumphika n'kuthawira kwa aneba, poti chibadwire anali asanamvepo chinthu chakuda cha patebulo chija chikutulutsa mawu. Ankangochipukuta fumbi m'mawa uliwonse poganiza kuti n'chokongoletsera nyumba. Ena ati sanathawe ayi, anangogwada n'kuyamba kupemphera. Mayi wina wachikulire, yemwe ankasesa m'maofesi a boma, iye anangodula nkhani kuti TDM yabwerera basi, n'kufunsa ngati ayambanso kulemba anthu ntchito. Zinali zomvetsa chisoni pang'ono kumuuza kuti ayi. TDM, kapena kuti Telecomunicações de Moçambique, kampani ya boma yomwe inkayendetsa lamya za m'nyumba, inaphatikizidwa ndi mcel mu 2018 n'kukhala Tmcel, ndipo kabokosi aka sikadalira mawaya a m'mapolo ngakhale pang'ono. Mayiyo sanakhumudwe nthawi yaitali. Anatchula pamtima nambala ya ofesi yomwe ankasesa, kuyambira pa 271 ya Lichinga mpaka kumapeto, anzake n'kumuombera m'manja.

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto iwo ndi phwete. Ati achimwene, chaka chino munthu n'kumalankhula pa foni yomangirira chingwe ngati mbuzi? Sitingawadzudzule. Mafoni a m'manja anayamba m'dziko muno ndi mcel mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel itafika mu 2012 n'kudzala mapolo ake mpaka kumidzi ya kutali, ngakhale mlimi wa fodya wa ku Mandimba anayamba kuyenda ndi foni m'thumba. Ambiri mwa anyamatawa anakula zinthu zili kale chonchi. Ukakhala ndi mamega umaimba ku Joni pa WhatsApp, nkhope n'kuonana. Chodabwitsa n'choti oseka omwewa ndi amenenso akufalitsa mphekesera yoti kabokosi ka mdala kamaimba ulere dziko lonse lapansi, ndipo awiri atatu afunsa kale mtengo wake.

Apa tiwongoleko. Kabokosika amakatcha ATA, ndipo ntchito yake ndi kukhutiritsa foni yakale kuti ikadali yolumikizidwa ku ofesi ya lamya. Ofesi ija inkatumiza m'mawaya moto wa mavolti pafupifupi 48, inkapereka kamawu kaja komwe umamva ukangonyamula foni, ndipo munthu akaimba inkatumiza moto wokulirapo wogwedeza belu. Zonsezi kabokosi kamachita kokha kali pashelefu. Mawu ako kamawaduladula tizidutswa n'kutitumiza pa intaneti, a mnzako n'kuwalumikizanso kuti amveke kukhutu. Sikadya zambiri: kukambirana komveka bwino sikufika makilobiti 100 pa sekondi mbali iliyonse, kutanthauza mega imodzi ndi kachidutswa pa mphindi. Koma ulere palibe. Intaneti umalipira, komanso pamafunika kulembetsa ku kampani yoimbitsa mafoni a pa intaneti, yomwe imakupatsa nambala n'kumakudula ndalama ukaimbira manambala wamba. WhatsApp silira pamenepo. Mphunzitsi wina anati ndiye kuti ndi Skype imeneyo, ophunzira ake n'kumukumbutsa mwaulemu kuti Microsoft inatseka Skype mu May 2025.

Nkhaniyi inakweranso sitima, ija inayambiranso kuyenda mu 2016. Pofika ku Cuamba, mtunda wa makilomita oposa 260, inali itanenepa: ati ku Lichinga kuli mafoni olira opanda waya, opanda magetsi, ndipo ina mwa iwo imayankha yokha m'Chiyao.

Amene nkhaniyi yamukweza ndi mdala winanso, mmisiri amene anakwera mapolo a lamya zaka zambiri asanapume. Masiku onsewa ankangokhala pabawo, anthu osamulabadira. Lero akumusaka ndi njinga zamoto. Akamva anthu akutama mwana wa ku Joni amapukusa mutu, ati mnyamatayo akanaotcha kabokosi tsiku lomwelo akanapanda bambo ake kutumiza mwana kudzamuitana. Ine ndili kumbali ya mmisiriyu kwathunthu, chifukwa zomwe akunenazi ndi pomwe pagona ntchito yonse.

Mawaya a foni a m'nyumba sathera m'nyumbamo. Amakakumana pa kabokosi kena ka panja, kawirikawiri m'munsi mwa denga, ndipo kuchoka apo waya amalowera ku polo. Waya wa kupoloyo ayenera kumasulidwa kaye, timiyendo take tonse tiwiri, n'kukulungidwa ndi tepi, munthu asanalumikize china chilichonse. Anthu amati, nanga si laini inafa kalekale, vuto n'chiyani? Mmisiri amayankha kuti laini yomwe kampani inangotseka nambala ikhoza kukhalabe ndi moto wochokera ku ofesi, ndipo moto umenewo ukakumana ndi wa kabokosi, chogonja ndi kabokosi. Ngakhale laini yodukiratu, yomwe waya wake akungolendewera pa polo lachitatu uko, ndi yoopsabe. Ndi mkuwa wautali uli m'malere, ndipo Lichinga ali pamtunda wa mamita oposa 1,300, kumene mphenzi za m'dzinja sizichita masewera. Mphenzi sichita kufunika kumenya wayayo. Ikagwa chapafupi, mphamvu yake imalowa mumkuwa n'kutsetsereka mpaka pashelefu. Mmisiriyu sadula waya wa kampani, poti si wake. Amangomumasula, kenako n'kumangirirapo kapepala kolemba kuti asalumikizidwenso. Ati tsiku lina kudzabwera mnyamata wachangu wofuna kukonza zomwe sizinawonongeke.

Umboni unapezeka msanga. Banja lina la ku Sanjala linaitanitsa kabokosi kawo, n'kukabaya pakhoma osafunsa munthu. Kanagwira ntchito mpaka mvula yoyamba ya mabingu, m'mawa mwake n'kupezeka kakununkha chiwaya chopserera. Mayi wa pakhomopo anali atatchula kale mayina a anthu ansanje, ndipo mlamu wake anali atayamba kufunsa za sing'anga wa ku Majune. Mmisiri atafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Anazungulira kuseri, n'kuloza ndi ndodo waya uja ali chilumikizire. Akuti mayiyo anayang'ana waya, anayang'ana mpanda wa aneba, n'kulowa kukaphika tiyi wa mlendo. Aneba aja mpaka lero sakudziwa kuti anatsala pang'ono kuzengedwa mlandu.

Mwini nyumba ina yogona alendo anabwera ndi maganizo aakulu. Ali ndi zipinda 12, chilichonse ndi soketi yake ya kale, ndiye amafuna kabokosi kamodzi kalize zonse. Anzake pa tiyi wa m'mawa anamulimbikitsa, ati waya ndi waya, madzi akalowa m'paipi amafika ponseponse. Mmisiri anamuuza kuti bambo, muwerenge mabelu kaye. Belu lililonse limakoka gawo lake la moto, ndipo kabokosi kali ndi malire. Opanga amalemba malirewo ndi chiwerengero chotchedwa REN: foni yakale ya belu lachitsulo imawerengedwa ngati 1, ndipo timabokosi tambiri timakwanitsa 3 mpaka 5. Ka Grandstream kotchedwa HT801, komwe kamapezeka kwambiri, kanalembedwa 5. Mafoni atsopano olira ndi kasipika amakoka pang'ono kwambiri, moti angachuluke osavuta. Ukapyola malire palibe chimaphulika. Mabelu amangoyamba kulira mwaulesi, lina kungonjenjemera, la kutali osalira n'komwe, iwe n'kumati anthu anasiya kukuimbira. Kukula kwa nyumba pakokha si vuto, pakuti kabokosi kabwino kamakankha moto pa waya wa mamita mazanamazana. Chovuta m'nyumba zathu zakalezi ndi ukalamba wa mawayawo. Ambiri anayalidwa mondondozana, kuchoka soketi iyi kupita inayo, kotero khoswe akatafuna pamodzi m'siling'i, zipinda zonse za kutsogolo zimafa. Chinyezi cha kuno chimabala dzimbiri lobiriwira m'masoketi, ndipo ndilo limachititsa kuthetheka komwe anthu akunamizira intaneti. Mmisiri amayenda ndi foni imodzi yodalirika, soketi ndi soketi, kupala ndi kampeni, ndipo nthambi yomwe yaola amangoichotsa pa mzere.

Chomwe chinamugwetsa ulesi mwini malo ogonawo n'china. Mafoni onse a pa waya mmodzi ndi laini imodzi. Wa m'chipinda 3 akamalankhula, wa m'chipinda 9 akhoza kunyamula n'kumamvetsera, ndipo wina akaimba usiku alendo onse 12 adzuka. Kuti chipinda chilichonse chikhale ndi nambala yake pamafunika makina ena ogawa mafoni, ndi waya wakewake wochokera pamalo amodzi. Anawerengera ndalama zake, n'kunena kuti alendo ake ali ndi mafoni awo kale.

Nkhani ya kumvetserayi ndiyo yakometsa macheza a kumpopi ndi kusaluni. Atsikana a m'nyumba ya mdala ati sakuikhudza n'komwe foniyo, chifukwa ukangoti halo umamva kakuti tcha, kenako kupuma kwa munthu wachitatu. Mpongozi wina akuti anayesa kudandaulira mwamuna wake wa ku Nampula za ndiwo za pakhomopo, mawu a apongozi ake n'kutulukira pakati kuti mwanangu, mcherewo uli pawindo. Akuluakulu omwe anakula ndi lamya akuseka mpaka misozi, ati ife tinkadziwa kuyambira kale kuti nkhani zachinsinsi amakambira kudimba.

Adzukulu iwo atengeka ndi foni yozunguza ndi chala. Amaima pamzere kuti aizunguze n'kumvetsera ikubwerera. Kuyankha imayankha bwinobwino, koma kuimba nayo n'kwa mwayi: foni yotere imatchula nambala podula moto kangapo motsatizana, pamene timabokosi tambiri timangomva timawu ta mabatani. Tina tili ndi poti n'kutsegula kuti timve zonse ziwiri. Ka mdala kali m'gulu lomwelo, ndipo akuti tsiku lomwe anazunguza nambala ya mwana wake n'kumva ikulowa, anavala jekete.

Kenako magetsi anathima, monga amachitira nthawi zina kulikonse, mafoni onse n'kukhala zii. Kumsika anati mwaona, tinanena. Koma apa akuluakulu anakumbuka chinthu choona. Magetsi a ku Cahora Bassa anafika mu Lichinga mu 2005. M'mbuyomo mzinda unkadalira kwambiri majenereta a dizilo, ndipo mdima unali wa masiku onse. Komabe lamya inkalira mumdimamo, chifukwa moto wake unkachokera ku mabatire a ku ofesi. Tsopano ofesi ija ili pashelefu, ndipo ikudya mayunitsi a magetsi a Credelec a mwini nyumba. Mayunitsi akatha, kapena magetsi akapita, foni yapitanso. Mankhwala ake ndi batire laling'ono losungira moto, lodyetsa kabokosi ndi rauta pamodzi, pakuti zonsezi zimadya mawati owerengeka chabe. Ogulitsa masola amva kale fungo la malonda. Mphunzitsi uja wa Skype anabwezera ulemu wake apa pouza anthu kuti ngakhale ku Britain, kumene akonza zotseka laini zakale za lamya pofika January 2027 n'kusamutsira mafoni a m'nyumba pa intaneti, mkangano waukulu ndi womwewu: nkhalamba idzaimba bwanji magetsi akathima? Ananena zoona. Ndiwonjezerepo langa: foni yotereyi musaidalire poitana apolisi kapena ambulansi, chifukwa kampani ya pa intaneti, makamaka ikakhala yakunja, singathe nthawi zonse kukufikitsani ku manambala a ngozi a kuno. Ya m'manja ikhalebe pafupi.

Pali gulu lina lomwe likulumbira kuti chinsinsi chonse ndi kambale koyera kali padenga la mdala. Starlink inayamba kugwira ntchito mu Mozambique mu 2023, ndipo timbale take tayamba kuoneka m'mishoni, m'mafamu ndi m'malo ogona alendo a kunyanja. Kabokosi sikasankha, intaneti ya waya, ya kambale kapena ya simu, konse kamayenda, bola isamadukeduke. Chimene foni imadana nacho ndi kuchedwa kwa mawu. Akatswiri a bungwe la ITU amalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 popita. Amene anaimbapo kunja kudzera pa masetilaiti akale, omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, akukumbuka kulankhulira pamodzi, kukhala chete pamodzi, kenako kupepesana pamodzi. A Starlink amazungulira pa makilomita pafupifupi 550 okha, n'chifukwa chake mawu amafika msanga.

Amalonda odutsa pachipata cha Mandimba ndi Chiponde, omwe amayenda ndi masimu awiri, ya 258 ndi ya 265, amva mbali yawo. Ati ukaika kabokosi kamodzi kuno, kena kwa m'bale wako ku Mangochi, mukhoza kucheza usiku wonse popanda mtengo wa foni yakunja. N'zoona, ngati mbali zonse zili ndi intaneti. A ku Metangula ndi Cobué, omwe abale awo ali tsidya la nyanja ku Likoma ndi Nkhotakota, akumvetsera mwachidwi. Koma mnyamata wina wochenjera atayamba kulota zogulitsa mafoni akunja powalowetsa mozemba ngati a m'dziko momwemo, amalume ake anamukhazika pansi. Kumeneko n'kuba, ndipo mabungwe oyang'anira za mafoni, INCM kuno ndi MACRA ku Malawi, sasekerera zimenezo. Ogula zitsulo zakale nawonso ayamba kuyang'ana makoma a anthu ndi diso lina. Ku Malawi kampani ya MTL inalira zaka zambiri ndi akuba mawaya a mkuwa, ndiye amene ali ndi mkuwa wake m'khoma ausunge.

Funso la anyamata a kabaza lija likadalipo, ndipo ndi labwino: zonsezi za chiyani, WhatsApp ilipo? Yankho langa lili kukanyumba ka kuseri kuja, komwe kumakhala mayi ake a mdala, nkhalamba yomwe maso anachita mdima. Ana anawagulira mafoni a m'manja kangapo. Ina inagwera mu ndowa, ina mdzukulu anaibwereka popita kumsika, ina inangodzitseka poti chala chawo chinakhudza posayenera. Foni ya m'manja ndi ya munthu mmodzi, ndipo imafuna maso, chala chodziwa kutsetsereka pagalasi, ndi wina wokumbukira kuitchaja. Ya chingweyi ndi ya pakhomo. Sipita kumsika, sibwerekedwa, sisowa pansi pa pilo. Ikalira, amene ali pafupi amanyamula, ndipo woimbayo amamva za nyumba yonse: kuti anganga agona bwanji, kuti chimanga cha kumunda chafika pati, kuti mwana wa mlongo wake wakhoza mayeso. Ana ambiri a ku Niassa ali kutali, ku Maputo, ku Nampula, ku Joni, ndipo uthenga wa matenda kapena maliro umafunika kupeza munthu panyumba, osati foni yozima m'thumba la wina amene ali m'minibasi. Anganga aja akuti tsopano amakhala pampando pafupi ndi foni madzulo aliwonse, ndipo ikalira salola wina kuwatsogolera. Mmisiri anawaikira ya mabatani akuluakulu, n'kumata kanjere pa batani loimbira mdzukulu wa ku Joni kuti azilipeza ndi chala. Kwa ine zimenezi zokha zikukwanira mtengo wa kabokosi, batire ndi tepi.

Mphekesera ya sabata ino ikukhudza mwana wamkazi wa mdala, amene ali ku Lisboa. Iye amaweruka mochedwa, ndipo amakonda kuimba cha m'ma 9 koloko usiku nthawi ya kumeneko. Miyezi ya chisanu cha ku Ulaya, imeneyo ndi 11 koloko ya kuno. Mabelu anayi akalira nthawi imeneyo amadzuka ndi mdala, anganga, adzukulu, agalu, ndi agalu a aneba. Mlonda wa nyumba yoyandikana akuti usiku woyamba analiza wezulo. Banja linakhala pansi, ena ati auzidwe aziimba Lamlungu masana, anganga ati mwana asaletsedwe kuimba kwawo. Anaitananso mmisiri. Iye anatembenuza mafoni atatu chadodolido, n'kuwaonetsa kagudumu kochepetsera belu komwe kali kunsi, komwe palibe m'nyumbamo ankadziwa kuti kaliko. La kukanyumba ka kuseri analisiya lili pamwamba, anganga ataimirira pakhomo kuonetsetsa kuti asaligwire.